Anasenza Ndani, Anapindula Ndani? Kuphunzitsa Mbiri ya Shire ndi Ngalande ya Kapichira

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi a mbiri ndi jogalafe a m'dera la Bvumbwe, m'boma la Thyolo

 

Mutu umene ndapatsidwa ndi kaphunzitsidwe ka mbiri ya ngalande zikuluzikulu m'sukulu zathu. Ndikuona ena mwayamba kale kudabwa. Kuno ku Bvumbwe ndi kumtunda, timadziwika ndi tomato, kabichi, mkaka ndi tiyi wa m'maesiteti, ndipo sitima ya pamadzi sinakochezepo pano. Nanga za ngalande zikutikhudza pati? Zikutikhudza pawiri. Tiyi amene wazinga midzi yathuyu anadzalidwa chifukwa panali njira yomutulutsira kupita kunyanja yamchere, ndipo njirayo inayambira pamadzi a Shire. Komanso kumunsi kwathuku, ku Chikwawa, akukumba ngalande yothirira yaikulu kuposa ina iliyonse imene dziko lino linakumbapo. Ana amene ali m'manja mwathu lerowa ndiwo adzadye phindu lake, ndiwonso adzabweze ngongole yake.

Chimene ndikufuna kuti titengane lero ndi ichi. Njira ya pamadzi, kaya ndi mtsinje umene anthu ausandutsa msewu kaya ndi ngalande yochita kukumba, imakhalapo chifukwa anthu ena ake anafuna kuti ikhalepo. Pali amene anaiganiza, pali amene anakhetsera thukuta, pali amene analemera nayo, palinso amene anachotsedwa pamalo kuti iyo idutse. Mwana akaloweza chaka chimene inatsegulidwa ndi kutalika kwake, koma osatha kunena kuti anasenza ndani ndipo anapindula ndani, ndiye kuti tamupatsa jogalafe, mbiri tam'mana.

Tiyambe ndi Suez, popeza ndiyo ambirife tinailoweza tili ana. Ntchito yokumba inayamba mu Epulo 1859 motsogozedwa ndi Ferdinand de Lesseps wa ku France, ndipo ngalandeyo inatsegulidwa pa 17 Novembala 1869. Sitima zochokera ku Ulaya kupita ku India ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa zinapeza chidule, zosazunguliranso ku Cape Town. Zimenezi ana amayankha bwinobwino. Zimene timazidumpha ndi zakuti m'zaka zoyambirira ngalandeyi inakumbidwa ndi alimi wamba a ku Egypt, anthu zikwizikwi otengedwa m'midzi mokakamiza, akusinthana mwezi ndi mwezi, atanyamula makasu ndi madengu m'chipululu mosowa madzi akumwa. Kukakamizako kunaletsedwa cha mu 1864, ndipo kuyambira pamenepo makina ndiwo anagwira ntchito yambiri. Mu 1875 wolamulira wa Egypt, Ismail, atamira m'ngongole, anagulitsa masheya a dziko lake ku boma la Britain. Mu 1882 asilikali a Britain analowa m'dzikomo. Panatenga mpaka 1956 kuti Gamal Abdel Nasser aike ngalandeyo m'manja mwa eni dziko, ndipo Britain, France ndi Israel anamuyankha ndi nkhondo. Mwana wa ku Thyolo amene agogo ake anagwirapo thangata, mukamuuza za alimi a ku Egypt aja, safuna kumasuliridwa kawiri.

Tsono chaka chomwecho cha 1859, makasu akuyamba kulira ku Suez, David Livingstone analowa mumtsinje wa Shire ndi kasitima kotchedwa Ma-Robert. Chaka cham'mbuyo mathithi a Cahora Bassa anali atamutsekera njira pa Zambezi, ndiye anakhotera kuno pofuna msewu wina wolowera m'kati mwa Africa. Anakwera mpaka pa Kapichira, pomwe mathithi anamuimitsanso. Kunyanja anakafika wapansi mu Seputembala chaka chomwecho. Anthu amene anawapeza m'chigwamo sankadikira mzungu kuti adziwe ntchito ya mtsinje. Amang'anja ankayenda ndi mabwato, ankalima m'madimba madzi akaphwa, ankaomba nsalu za thonje, ankasula makasu, ankatcheza mchere n'kumagulitsa kutali. Phunziro lathu liyambire kwa iwowa.

Kuti ana amvetse zonse zotsatira, ayenera kuona thupi la mtsinjewu. Shire ndi wautali makilomita pafupifupi 400 ndipo ali m'zigawo zitatu. Kumtunda, kuchokera ku Mangochi kudzera m'nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde mpaka ku Matope, madzi amayenda mofatsa. Kumunsi, kuchokera ku Chikwawa mpaka kukathira mu Zambezi, ndi chimodzimodzi. Koma pakatipo, kuchokera ku Matope kufika pa Kapichira, mtsinje umatsika mamita pafupifupi 380 pamtunda wa makilomita 80 okha, ndipo palibe sitima ingadutsepo. Lero tikuthokoza mathithiwa chifukwa ndiwo amatipatsa magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi pa Kapichira. Kalelo tanthauzo lawo linali lina: katundu aliyense wochokera kunyanja yamchere ankatsitsidwa m'sitima kumunsi kwa mathithi, n'kusenzedwa pamutu. Mzinda wa Blantyre unakula chifukwa unali panjira ya anthu osenzawo, pakati pa doko la Katunga kumunsi ndi doko la Matope kumtunda.

Mu 1875 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young komanso ali ndi Dr Robert Laws, anafika ndi sitima ya Ilala. Pamathithi anaimasula yonse, zitsulo zake n'kugawira anthu mazanamazana amene mafumu a Amakololo anasonkhanitsa. Anthuwo anasenza zitsulozo m'njira za miyala, dzuwa la m'chigwa likuswa mtengo, mpaka kumtunda kwa mathithi komwe anakaimanganso, ndipo pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi. Zolemba za amishoniwo zimayamikira kuti palibe chitsulo chinasowa panjira. Dzina la sitima tikulidziwa, mayina a azungu amene anakweramo tikuwadziwa, koma la munthu amene anasenza chitsulo cha injini sitikulipeza m'mabuku a ana athu. Funsani kalasi kuti n'chifukwa chiyani, ndipo muwalole akangane. Pamenepo ayamba kuzindikira kuti buku lililonse lili ndi amene analilemba, ndipo wolembayo anasankha oti awatchule.

Amalonda sanachedwe. Mu 1878 ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani imene inadzadziwika ndi dzina loti African Lakes, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Nyumba yawo ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ikadalipo ku Blantyre. Panalinso Eugene Sharrer, amene anali ndi sitima zake pa Zambezi ndi Shire, masitolo ake, komanso malo aakulu zedi kumapiri kuno. Dzina limeneli mulisunge, tikumana nalonso.

Njira ikakhala ya phindu, eni ake amachuluka. Mu 1889 msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, anakwera ndi gulu lake m'chigwa cha Shire n'kumenyana ndi Amakololo. John Buchanan, amene ankaimira Britain, analengeza kuti dera la Amakololo ndi mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha dziko lake. Mu Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo pangano la mu 1891 linaika malire pa mtsinje wa Ruo, linalola sitima kuyenda mwaufulu pa Zambezi ndi Shire, komanso linapatsa Angerezi kamalo pa Chinde, pamathiriro a Zambezi, kosinthirapo katundu. Mwana akafunsa chifukwa chake achibale ake a tsidya la Ruo ali m'dziko lina, yankho lake lili pa mkangano wolimbirana njira ya pamadzi umenewu.

Tiime pang'ono pa munthu wa tengatenga. Mtolo wake unkalemera makilogalamu pafupifupi 25. Ankapota nkhata, n'kusenza mtolowo pa Katunga, kumene kumatentha mpaka usiku, n'kuyamba kukwera chitunda chimene lero minibasi imakwera ikulira ndi giya yoyamba. Ena ankanyamula azungu pamachila. Potsika ankatenga khofi, amene anali mbewu yoyamba ya azungu a m'mapiri muno isanagwe cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kenako thonje ndi fodya. Malipiro ake anali mikono ingapo ya nsalu, kapena tindalama tothera kumsonkho wa nyumba. Bambo akakhala panjira, munda unkatsalira mayi ndi ana. Eni minda ya khofi nawo ankadandaula kuti makampani a mtengatenga akuwalanda antchito, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene anayambira kulirira njanji.

Chifukwa china chinali mtsinje weniweniwo. Madzi a m'nyanja ya Malawi anayamba kutsika, ndipo Shire anaphwa chaka ndi chaka. Sitima zinayamba kulephera kufika pa Katunga n'kumathera pa Chiromo. Kenako Chiromo nayo inakhala yovuta kufikako m'chilimwe, doko n'kutsikira ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha pakati pa zaka za m'ma 1930, mchenga ndi zomera zinatseka potulukira madzi kumtunda, nyanja n'kuleka kuthira mu Shire moyenera. Njanji inayenda ikuthamangitsa madzi othawawo. Yochokera ku Port Herald kudzera ku Chiromo ndi ku Luchenza inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1915 inatalikitsidwa kufika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 ina inachokera ku Beira kufika tsidya linalo, katundu n'kumaoloka pamadzi, mpaka mlatho wa Dona Ana, wautali makilomita opitirira atatu ndi theka, unatsegulidwa mu 1935. Ngongole za njanji ndi mlathowu zinasenzetsedwa Nyasaland, dziko la anthu osauka, ndipo katswiri wa mbiri Leroy Vail anaonetsa m'zolemba zake kuti zinadya ndalama zimene zikanatukula anthu.

Apa ndi pamene Thyolo akulowera. Chaka chimene sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre, 1908, n'chomwechonso tiyi anadzalidwa ku Bandanga, kutsatira wa ku Mulanje amene Henry Brown anayamba kudzala mu 1891. Satemwa inayamba mu 1923. Tiyi ndi katundu wofuna njira yodalirika, ndipo siteshoni ya Luchenza inampatsa njirayo. Nanga malo anachokera kuti? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikiza umwini kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Malo a Sharrer uja, pamodzi ndi sitima zake, anapita m'manja mwa British Central Africa Company mu 1902, ndipo kampaniyi inali ndi dzanja m'ntchito yomanga njanji. Mwini sitima anali mwini malo, analinso ndi gawo m'njanji. Antchito ambiri anali Alhomwe amene ankaoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Ankapatsidwa pokhala m'maesiteti, malipiro ake n'kukhala thangata: mwezi wa lendi, mwezi wa msonkho, koma miyeziyo inkatalika monga mwa kufuna kwa kapitawo ndi bwana wake. Mkwiyo umene unaphulika ndi John Chilembwe ku Chiradzulu mu 1915 unaphulikanso kuno ku Thyolo mu Ogasiti 1953, zipolowe n'kufalikira m'maboma ena a kum'mwera, anthu 11 n'kufa. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Mpaka lero nkhani ya kuchepa kwa malo ku Thyolo ndi ku Mulanje sinazizire, ndipo mafumu athu ali panowa amaidziwa kuposa ine. Mwana amene akulima kachigunda ka m'mphepete mwa tiyi ali ndi ufulu wodziwa kuti unyolo wa zimenezi unayambira pa doko la Katunga.

Titalandira ufulu, vuto la njira silinathe. Baraji ya Kamuzu ku Liwonde inamangidwa mu 1965 kuti madzi a Shire aziyenda moyezedwa, magetsi a Nkula anayamba mu 1966, ndipo nzimbe za ku Nchalo zinayamba kumwa madzi a mtsinjewu nthawi yomweyo. Shire anasiya kukhala msewu, anasanduka mphamvu ndi chakudya. Katundu wathu ankadalira njanji za ku Beira ndi ku Nacala, koma nkhondo ya ku Mozambique inazitseka m'zaka za m'ma 1980, ndipo mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa mu 1986. Tiyi, fodya, feteleza ndi mafuta zinayamba kuyenda pamsewu mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam, mitengo n'kukwera. Mu 1997 madzi anakokolola njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula. Ndi zowawa zimenezi zimene zinabala maloto a Pulezidenti Bingu wa Mutharika otsegulanso njira ya Shire ndi Zambezi kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chinde, mtunda wa makilomita pafupifupi 238. Doko la Nsanje linatsegulidwa mu Okutobala 2010 pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, koma chombo chimene chinkayembekezeka kufika ndi feteleza chinagwidwa ndi akuluakulu a boma la Mozambique, amene ankati payenera kuchitika kaye kafukufuku. Mpaka pano dokolo silinagwire ntchito imene analimangira. Mwana amene waphunzira za 1891 ndi za kuphwa kwa Shire adzaona yekha kuti zopinga za mu 2010 zinali zakale zomwe zija: kuya kwa madzi, mchenga, ndi chilolezo cha mwini mathiriro.

Tsopano tifike pa ngalande imene ikukumbidwa. Ntchito yokumba ngalandeyi, ya Shire Valley Transformation Programme, inayamba mu 2020 ndi thandizo la World Bank, African Development Bank ndi ena. Madzi akutengedwa padamu la Kapichira, pomwe paja Livingstone anaima, ndipo aziyenda okha motsetsereka popanda mapampu, kumadzulo kwa Shire, kulowera ku Bangula, mtunda wopitirira makilomita 100. Cholinga n'kuthirira mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ngalandeyi ikukhudza malo osungirako nyama a Majete ndi Lengwe. Alimi akuphatikiza minda yawo m'makopaletivi, malo awo atalembetsedwa motsatira lamulo la malo a makolo la mu 2016. M'chigwa chimene chimapsa ndi chilala chaka chino, chaka chamawa n'kumira, madzi odalirika ndi chinthu chachikulu, ndipo tisawaphunzitse ana kunyoza ntchito yotere. Tiwaphunzitse kuifunsa mafunso amene taifunsa Suez ndi Shire wakale. Akukumba ndani, ndipo akulipidwa bwanji? Amene ngalande yadutsa m'minda mwawo alandira chiyani? Madzi akadzachepa, adzayamba kumwa ndani, mlimi wamng'ono kapena munda waukulu wa nzimbe? Dzina la mayi lili pa chikalata cha malo? Ikadzagumuka, adzakonza ndani, ndi ndalama za ndani?

Funso lomalizali si longopeka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, anaononga polowera madzi a ngalandeyi, n'kuzimitsa magetsi pafupifupi mamegawati 130, dziko lonse n'kukhala mumdima wosinthana kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake n'kumiza midzi ya ku Makhanga. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ifenso a kumtunda tili ndi mlandu pamenepa. Mitengo ya m'phiri la Thyolo itatha ndipo makasu atafika m'matsitso, dothi lathu limatsika ndi mitsinje kukakwirira ngalande za masikimu a mpunga a kum'mawa kwa Shire, monga Nkhate ndi Muona. Mwana wa ku Bvumbwe adziwe kuti mzere umene bambo ake alima motsata chitunda kapena mopingasa umakamveka ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Nanga tiphunzitse bwanji, poti makalasi ndi odzaza, mabuku ndi ochepa ndipo ndalama za ulendo palibe? Ndipereka njira zimene sizifuna ndalama zambiri.

Tulutsani ana pabwalo ajambule Shire pansi ndi phulusa, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Chinde. Pamathithi aunjikepo miyala. Aike timitengo pa Matope, Blantyre, Katunga, Chiromo, Nsanje ndi Luchenza, ndipo mwana mmodzi aime pamene pali Bvumbwe. Kenako muziitana zaka, 1875, 1908, 1915, 1935, iwo n'kumasuntha chitini choimira doko. Akaona ndi maso kuti doko likutsetsereka kumunsi pamene njanji ikulilondola, sadzafunanso kuloweza.

Pa za tengatenga, gwiritsani ntchito chimene ana amachidziwa. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo atsikana ambiri a m'kalasi mwanu amachisenza m'mawa uliwonse asanabwere kusukulu. Afunseni kuti amapuma kangati kuchokera kumjigo. Kenako awonjezere makilogalamu asanu m'maganizo, ayeze pamapu mtunda wa kuchokera ku Chikwawa kufika ku Blantyre, awerengere kuti pangafunike anthu angati kuti atsitse matani khumi a khofi. Apeza 400. Masamu amenewo adzawauza chifukwa chake atsamunda ankaumirira msonkho, popeza msonkho ndiwo unkatulutsa amuna m'midzi.

Atumeni kwa agogo awo ndi kope. Afunse kuti banja lathu linachokera kuti, linaoloka pati, linafikira pa esiteti iti, thangata ankagwira bwanji, ndani anakwerapo sitima pa Luchenza kupita ku Makhanga kapena ku Beira. Amene anaona 1953 ndi maso atsala ochepa, ndipo chaka chilichonse tikuika m'manda mabuku amene sitinawawerenge. Aphunzitseni kupempha chilolezo asanalembe, kulemba tsiku ndi mudzi, ndi kusiyanitsa chimene gogo anaona yekha ndi chimene anangomva. Akabwerako, ayerekeze ndi zimene analemba D. D. Phiri, John McCracken kapena Elias Mandala, amene anafufuza kwambiri za chigwa cha Shire. Pomwe gogo ndi buku asemphana, musafulumire kuweruza kuti buku ndilo lolondola.

Apititseni kudimba. Kuno kwathu alimi a ndiwo zamasamba amapatutsa madzi a m'timitsinje ndi tingalande tokumba ndi khasu. Ana aone kumene madzi apatukira, amene ali kumutu ndi amene ali kumchira, amene amakonza kakatsekeka, ndi zimene zimachitika mu Okutobala madzi akachepa. Amve mawu amene amayankhulidwa pamenepo: wanditsekera madzi, lero ndi tsiku langa, tikaonana kwa amfumu. Mkangano wa Malawi ndi Mozambique pa Zambezi, ngakhale wa Nasser ndi Britain, mwana adzaumvetsa msanga akayamba wamva wa anthu awiri olimbirana kangalande ka kabichi.

Pomaliza pake, chititsani bwalo m'kalasi. Wina akhale mlimi wa ku Chikwawa amene munda wake wadulidwa pakati, wina injiniya, wina woweta ng'ombe amene njira ya kumadzi yatsekeka, wina msodzi wa ku Elephant Marsh, wina woyang'anira nyama ku Lengwe, wina wa ku nthambi ya zachuma amene akuwerenga ngongole. Mfumu ikhale mtsikana kapena mnyamata amene sakonda kuyankhula. Aliyense abwere ndi umboni, asangobwera ndi mkwiyo. Sukulu imene ingakwanitse ulendo, ku Blantyre si kutali: kuli nyumba ya Mandala ndi laibulale ya Society of Malawi, kulinso nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri komwe kuli injini zakale za sitima. Amene angafike pa chitunda chotsikira ku Chikwawa akaimike ana pamenepo, aone chigwa chonse ndi mtsinje uli pansi pawo.

Ndikudziwa zimene zili m'mitima mwanu. Silabasi yadzaza, ndipo a MANEB safunsa za kangalande ka kabichi. N'zoona. Koma sindikupempha mutu watsopano. Amishoni, kulowa kwa atsamunda, Chilembwe, chitaganya, mayendedwe a katundu, ulimi wothirira, kukokoloka kwa nthaka, yonseyi ndi mitu imene timaphunzitsa kale, uwu pawokha uwo pawokha, ana n'kumailoweza ngati yosadziwana. Shire amailumikiza. Mwana amene wagwira chifukwa chake njanji inayambira ku Port Herald amalemba yankho lomveka kuposa amene wangoloweza 1908. Mphunzitsi wa mbiri, wa jogalafe ndi wa zaulimi atakhala pansi masana amodzi, akhoza kugawana nkhaniyi popanda kuwonjezera piriyodi ngakhale imodzi.

Ena mukuopa ndale, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Bingu anali mwana wa kuno ku Thyolo ndipo anagona ku Ndata. Kutchula doko la Nsanje m'kalasi kukhoza kuoneka ngati kunyoza kapena kutamanda chipani. Nkhani ya malo a maesiteti nayo imakhudza makolo a ana athu, ena amagwira ntchito komweko, ena akulimbana nawo. Mankhwala ake ndi umboni. Mphunzitsi asauze ana choti aganize. Aike patebulo zaka, mapu, mawu a mbali zonse, n'kufunsa kuti vuto limene munthuyu ankafuna kuthetsa linali lotani, ndipo chinamulepheretsa n'chiyani. Mwana wozolowera kufunsa motero sadzanamizidwa ndi mwala wa maziko, sadzanyozanso ntchito yabwino chifukwa choti waiyamba ndi wa chipani china.

Pempho langa kwa inu ndi limodzi, ndipo ndi lotheka teremu ino isanathe. Sukulu iliyonse imene yaimiridwa pano ikhale ndi kope limodzi lolembamo zimene ana atola kwa akuluakulu a m'midzi yozungulira, lokhala ndi mayina a onenawo ngati alola, midzi yawo ndi masiku. Mafumu athu, tikupempha kuti mutitsegulire makomo, muuze anthu anu kuti ana akabwera ndi mafunso asawathamangitse. Alangizi, tithandizeni kusonkhanitsa makopewa pamalo amodzi kuti sukulu zizibwerekana. Ndipo pakati pa ana athu pali ena amene abambo awo, amalume awo kapena achemwali awo agwirapo ntchito pa ngalande ya ku Chikwawa, kuyendetsa makina, kuswa miyala, kuphikira antchito. Amenewonso alembedwe. Osenza Ilala mayina awo anatayika chifukwa wolemba anali mlendo. Pa ngalande iyi olemba tilipo, ndipo tikawataya anthu amenewa mlandu udzakhala wathu.